Mwafunsa za sutikesi, mayi, koma nkhani yagona pa kachikwama ka m'manja

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba, mphunzitsi amene anapuma pa ntchito. Dzina sinditchula chifukwa sanandilole kutero. Ana awo awiri amene amagwira ntchito ku Joni asonkherana n'kuwagulira tikiti, iwo ndi bambo a kunyumba, kuti akakondwerere zaka 35 ali pa banja. Ulendo wake ndi wa pa sitima yapamadzi yonyamukira ku Durban kupita ku magombe ndi zilumba za ku Mozambique, kugona mausiku anayi, mwezi wa Febuluwale. Mayiwa akuti madzi amene amawadziwa ndi a ku Mangochi basi, komwenso anangoviika mapazi. Akufunsa kuti anyamule chiyani. Akuti bambo alengeza kale kuti atenga masuti atatu, pamene ana akungoyankha kuti asadandaule, zonse zili momwemo. Koma iwo mtima suli m'malo.

Zikomo mayi polemba, safunsa anadya phula. Anawo sikuti akunama. Bedi, matawulo, sopo, chakudya kuyambira m'mawa mpaka pakati pa usiku, zonsezo muzipeza. Koma ine ndayendapo kawiri njira imeneyi, ndipo ndinaona kuti sutikesi yaikulu ija, imene timachezera nayo usiku wonse tikupinda zovala n'kuzipindulanso, si imene imatigwetsa m'mavuto. Mavuto amabwera pa nthawi zimene mwasiyana nayo: tsiku lokwera, tsiku lotsikira pa chilumba, ndi m'mawa wa tsiku lomaliza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Choncho ndikamba zambiri za kachikwama kamene sikachoka pa phewa panu, za masuti a bambo tizifika kumapeto.

Lero lomwe, musanawerenge mopitirira, tsekulani dilowa muone mapasipoti onse awiri. Kampani ya sitima imafuna kuti pasipoti ikhale ikugwirabe ntchito kwa miyezi 6 kuchokera tsiku limene mwabwerako, ndipo pakhale masamba osadinda osachepera awiri. Ngati ya bambo ikutha mu Juni, ndiye kuti nkhani yoyamba ndi ya ku Immigration, ndipo tonse tikudziwa kuti pasipoti si chinthu chodikira sabata yomaliza. Mwini pasipoti ya Malawi amalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30, ku Mozambique chimodzimodzi salipira viza pa ulendo waufupi ngati uwu. Dzina la pa tikiti lifanane ndi la pa pasipoti chilembo ndi chilembo. Ana akamagula tikiti amakonda kulemba dzina limene amakuitanirani pakhomo, kapena la kwa amuna anu pamene pasipoti ili ndi la kwa makolo. Auzeni akutumizireni chithunzi cha tikitiyo mudzionere nokha.

Apa ndipatukeko pang'ono chifukwa ndikudziwa kuti abale ambiri a ku Joni amawerenga kuno. Sitima ikamapita ku Mozambique ndiye kuti mukutuluka m'dziko la South Africa, ndipo mudutsa pa tebulo la a zolowa ndi kutuluka ngati pa Beitbridge pomwe. Ngati masiku anu anatha kalekale, ulendo umenewu si wanu. Chiyambire 2014 lamulo lawo limati wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi, ndipo ngati anapitiriza ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka 5. Komanso kwa amene mukulakalaka ulendo wautali wa pa Khirisimasi wopita ku Mauritius: ku Mauritius kwenikweniko Mmalawi safunika viza, koma sitima zambiri zimaimanso ku Réunion, ndipo chilumba chimenecho ndi mbali ya dziko la France. Funsani za viza musanapereke ndalama, yankho lake likhale lolemba.

Tibwerere kwa inu mayi. Mukafike ku Durban tsiku limodzi sitima isananyamuke, mugone konko. Sitima si minibasi ya pa Zomba depoti yoti kondakitala akakuonani mukuthamanga amenya chitseko kuti dalaivala aime. Ndege yochokera ku Chileka kapena ku Lilongwe imakusiyani ku Johannesburg, ndiye pamafunika ina yopita ku bwalo la King Shaka, limene lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 35 kuchokera pakati pa mzinda wa Durban. Ikangochedwa imodzi, zonse zasokonekera. Mukasankha basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Zimbabwe, onjezerani masiku awiri apadera, chifukwa pa malire palibe amene amalonjeza nthawi, ndipo kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Durban patsalabe makilomita pafupifupi 570. Matikiti otsika mtengo a ndege za mkati mwa South Africa nthawi zambiri sawerengera sutikesi yaikulu, imalipiridwa payokha, ndiye anawo aonetsetse. Ndipo ngati tikiti yanu ikudzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa n'kukhala pa bwalo maola oposa 12, a ku South Africa akhoza kukufunsani khadi lachikasu la katemera wa yellow fever. Wochokera ku Malawi molunjika safunsidwa zimenezo.

Sitima za nyengo ino, zimene zambiri ndi za kampani ya MSC, zimanyamukira pa doko latsopano lotchedwa Nelson Mandela Cruise Terminal, limene Pulezidenti Cyril Ramaphosa analitsegulira mu Novembala 2023, kufupi ndi malo achisangalalo a uShaka Marine World. Mukangotsika galimoto, anyamata onyamula katundu amalandira sutikesi yanu, yomatidwa kale kapepala kokhala ndi nambala ya chipinda chanu, ndipo basi mwasiyana nayo. Anthu okwera amakhala masauzande, masutikesi ake kuposa apo. Yanu ikhoza kufika pa khomo la chipinda chakumadzulo ndithu, dzuwa litapendeka. Maola onsewo muli pa mzere, muli mu kutentha kwa Durban kumene mu Febuluwale kumanyowetsa thupi ngati ku Nsanje mvula ikamafuna kugwa, kenako muli m'sitima mukuyendayenda. Zimene muli nazo ndi zimene zili pa phewa.

Ndiye m'kachikwamako muike mapasipoti, matikiti osindikiza pa pepala (foni imatha moto pa nthawi yolakwika), pepala la inshulansi, ndalama, magalasi owerengera, foni ndi chaja chake, cholembera, chipewa, ndi zovala zosinthira kamodzi. Koposa zonse, mankhwala. Ngati bambo amamwa a BP, ngati inu mumamwa a shuga, ngati wina ali pa ma ARV, onsewo akhale m'manja mwanu, m'mapaketi awo enieni okhala ndi dzina la mankhwalawo, osati omangidwa m'kapepala kapena osakanizidwa m'kabotolo kamodzi. Muwerengere masiku onse kuyambira pochoka ku Zomba mpaka pobwerera, n'kuonjezerapo a sabata ina yathunthu. Buku la kuchipatala lija litengeni, kapena mujambule masamba ake pa foni. M'sitima muli dokotala ndi kachipatala, koma si ka boma: kungomuona kokha mumalipira m'madola, ndipo mankhwala anu enieniwo akhoza kukhala alibe. N'chifukwa chake inshulansi si yosewera nayo. Funsani ana ngati imene ili pa tikitiyo ikukwanira kulipira chipatala ndi kunyamula wodwala kuchoka pa nyanja kupita kumtunda, komanso ngati ikuvomereza matenda amene munthu anali nawo kale. Onjezeranimo panado, mapaketi angapo a Thanzi, ndi pulasitala. M'malo mmene anthu ambiri akudyera pamodzi matenda otsekula m'mimba amayenda msanga, ndipo chimene chimawaletsa kwambiri ndi sopo ndi madzi, kuposa tija topaka m'manja. Inu munali mphunzitsi, nkhani yosamba m'manja musanadye sindingakuphunzitseni.

Pa ulendo wanga woyamba ndinanyamula simbi. Ndinaleredwa ndi mayi amene sankalola munthu kutuluka pa geti ndi malaya okwinyika, ndiye kwa ine kuyenda opanda simbi kunali ngati kuyenda opanda nsapato. Masutikesi a anzathu anafika, yanga osaoneka. Cha m'ma 7 koloko madzulo ndinapeza kapepala pansi pa chitseko kondiitanira ku chipinda china chapansi. Kumeneko ndinapeza tebulo lalitali lodzaza masimbi, maketulo, mabotolo a mowa ndi mipeni, ndi ife eni ake titaima pa mzere ngati ana ogwidwa akuba mango. Anandiuza nditsekule ndekha, simbi ija anailemba nambala n'kuisunga, anadzandibwezera tsiku lotsika. Kulakwa kunali kwanga, zinalembedwa pa tikiti, ine sindinawerenge. Oyendetsa sitima amaopa moto kuposa namondwe, choncho chilichonse chotenthetsa sichiloledwa: simbi, ketulo, makandulo, mbaula yamagetsi, ngakhale zingwe zoonjezerera masoketi zambiri amalanda. Mowa wanuwanu ayi. Kamba wa pa ulendo, kaya ndi chiponde, usipa wouma kapena mbatata yootcha, mudyeretu pa njira. Makwinya njira yake ndi kukulunga zovala ngati mkeka m'malo mozipinda, ndipo mukafika muzipachike m'bafa pamene mukusamba madzi otentha, nthunzi imaziwongola. Kapena mulipire ochapa a m'sitimamo akusitireni diresi limodzi lofunikalo.

Masoketi a m'chipinda si athu a mano atatu amakona aja, komanso si a ku Joni a mano atatu ozungulira. Mumapeza a ku Ulaya a timabowo tiwiri tozungulira ndi a ku America a timabowo tiwiri tathyathyathya. Adaputala imodzi yosinthira pulagi yathu kupita ku ya ku Ulaya ikukwanirani, ndipo muigulire kumtunda.

Za ndalama, khalani pansi ndi anawo mukambirane momasuka, chifukwa apa ndi pamene mphatso imasanduka ngongole. M'sitima simugwira ndalama m'manja. Amakupatsani khadi limene ndi kiyi wa chipinda, chiphaso chotulukira ndi kulowera, komanso chogulira chilichonse. Khadilo mumalilumikiza ku khadi la ku banki kapena mumaikiratu ndalama, ndipo mitengo yake imawerengedwa m'madola a ku America. Mukudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira kwathu kuno, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo makadi a mabanki athu amakhala ndi malire a zimene mungagule kunja. Musadzadzidzimuke pa kauntala khadi litakana. Pitani ku banki kukadali nthawi mukafunse, apo ayi ana aikiretu ndalamazo okha. Chakudya cha ku malo odzitengera wekha ndi cha ku chipinda chodyera chachikulu chili kale mu tikiti, madzi akumwa a pa makina, tiyi ndi khofi wamba za ku malo odzitengerako nazonso n'zaulere. Koma Fanta, madzi a m'botolo, mowa, zithunzi zimene ojambula amakujambulani mwaulemu kwambiri pa khomo lililonse, intaneti, kukonzetsa tsitsi, zonsezo n'zolipira. Khadi silipweteka potulutsa, ululu wake umamveka usiku womaliza. Muzipita pa makina kapena pa ofesi yolandirira alendo tsiku lililonse kukaona kuti ngongole yafika pati. Ndipo m'chipinda cha juga chija bambo angodutsamo ngati njira.

Foni muiike pa chizindikiro cha ndege sitima ikangochoka pa doko. Pakati pa nyanja foni imalumikizana ndi netiweki ya sitima yodzera pa setilaiti, ndipo mtengo wake si wa dziko lino. Ine mavidiyo a pa gulu la WhatsApp la kumpingo anandidyera ndalama zonse za m'foni usiku umodzi ndili mtulo. Auzeni achibale kuti masiku anayiwo mukhala chete, zithunzi adzaona mukatsika.

Sitima isananyamuke, kapena ikangonyamuka, aliyense amayenera kuphunzira za nthawi ya ngozi: kumene kuli jekete yanu yoyandamitsa, mmene imavalidwira, ndi malo amene muyenera kukasonkhana mukamva kulira kwa belu kafupikafupi ka 7 kenako kamodzi kotalika. Lamuloli analikhwimitsa sitima ya Costa Concordia itagunda mwala ku Italy mu Januwale 2012 n'kupha anthu 32, ena mwa okwera asanaphunzitsidwe n'komwe. Musazembe. Ine ndimachita kuyenda ndi mapazi kuchoka pa chipinda kukafika pa malo osonkhanawo, kudzera pa masitepe, kuti miyendo iidziwe njira. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni. Pa gombe la South Africa lomweli sitima ya Oceanos inamira mu Ogasiti 1991 ikupita ku Durban, ndipo anthu onse 571 amene analimo anapulumuka.

Mwati madzi simuwadziwa, ndiye tikambe za chizungulire. Amene anakwerapo Ilala nthawi ya mwera, pakati pa Nkhotakota ndi Likoma, akudziwa mmene m'mimba mumatembenukira. Sitima za ku Durban n'zazikulu kwambiri, nyumba zosanjikizana khumi ndi kuposa, ndipo zili ndi zipsepse pansi pa madzi zochepetsa kugwedezeka, koma nyanja yamchere ya kumeneko nayonso si yofatsa. Usiku woyamba, mukangotuluka pa doko, ndi pamene ambiri amagwidwa. Ngati n'kotheka kusankha, pemphani chipinda cha pakati pa sitima ndiponso cha m'munsi, chifukwa kutsogolo ndi pamwamba ndi kumene kumavina kwambiri. Mankhwala a nseru monga Stugeron kapena Valoid amagulidwa ku famase za ku South Africa, koma chinsinsi chake ndi kumwa maola awiri sitima isananyamuke. Mukadikira kuti muyambe kusanza, piritsi silikhala m'mimba. Amagonetsa, sagwirizana ndi mowa, ndipo popeza bambo ndi achikulire, mumuuze wa ku famaseyo mankhwala ena onse amene amamwa ndi matenda amene ali nawo asanakupatseni. Mukamva mutu ukuyamba kuzungulira musathamangire kukagona m'chipinda chopanda windo. Tulukani panja, mphepo ikuombeni, maso muyang'ane kutali kumene madzi akumana ndi thambo. Jinja amathandiza ena, bisiketi youma ndi apulo zimathandizanso. Mimba yopanda kanthu ndi mimba yodzaza kwambiri zonse ndi adani.

Febuluwale ndi pakatikati pa nyengo ya anamondwe a m'nyanja ya India, imene imayamba mu Novembala mpaka Epulo. Ife a kum'mwera sitifunika kuuzidwa, Freddy wa mu Malichi 2023 sitinamuiwale, ndipo Idai anagumula Beira mu Malichi 2019. Oyendetsa sitima amaona namondwe akadali kutali masiku angapo ndipo amamuzemba. Chimene chingachitike n'chakuti asintha njira, kapena mufika pafupi ndi chilumba, mukuchiona ndi maso, koma kaputeni n'kulengeza kuti lero satsitsa munthu chifukwa mafunde akula. Zimachitika ndithu, ndipo kawirikawiri sabweza ndalama ya tikiti pa chifukwa chimenecho. Konzekerani mumtima, mutengenso buku kapena bawo yaing'ono.

Tsopano tsiku la pa chilumba, limene kwa ine ndi mtima wa ulendo wonse. Malo amene sitimazi zimakonda kuima ndi Portuguese Island, kachilumba ka mchenga kopanda midzi koyandikana ndi Inhaca pakamwa pa gombe la Maputo, ndi Pomene, kumpoto m'chigawo cha Inhambane. Konseko kulibe doko loti sitima yaikulu n'kukocheza. Imaima patali, ndipo anthu amatsitsidwa m'magulumagulu pa maboti ang'onoang'ono a injini. Mumavala jekete yoyandamitsa, anyamata awiri amakugwirani mikono uku ndi uku, boti likukwera n'kutsika pansi panu, iwo n'kukuuzani nthawi yoponda. Mverani iwo, osati mantha anu. Mukamayenda madzi amakuthirani kumaso, ndipo pofika kumtunda nthawi zambiri mumatsikira m'madzi ofika m'mawondo. Ndinaona bambo wina atavala nsapato zachikopa zopolisha bwino ndi masokosi oyera, ataima m'mphepete mwa boti akuyang'ana madzi ngati ayang'ana ng'ona. Anatsika nazo momwemo. Tsiku lonse zinali pa mchenga zikuuma, iye akudumphadumpha chifukwa mchenga wa masana umaotcha ngati chiwaya.

Choncho tsiku limenelo valani zoti zinyowe. Bambo kabudula, inu siketi yaifupi pang'ono kapena buluku lopepuka, chifukwa diresi lalitali limakola miyendo potsika. Ku mapazi nsapato za pulasitiki zomanga kumbuyo, chifukwa masilipasi wamba amatengedwa ndi madzi. Foni, khadi la sitima ndi ndalama muziike m'kajumbo kotseka pakamwa kenako m'chikwama. Manja onse awiri akhale opanda kanthu, ndiye chikwama chikhale choberekera kumbuyo. Matawulo a kugombe amabwereketsa m'sitima, koma mukataya amakulipiritsani. Ndipo chitenje, mayi, chitenje! Tengani ziwiri kapena zitatu. Ndi mphasa pa mchenga, ndi mthunzi mukachimanga pa timitengo, ndi chodziphimba mukatuluka m'madzi, ndi duku mphepo ikakula, ndi chofunda usiku. Azungu amagula nsalu yomweyo pa mtengo wokwera m'sitolo ya m'sitima, ku Mozambique amaitcha capulana, inu muli nazo zodzaza sutikesi kunyumba.

Nyanja yamchere ili ndi khalidwe limene ya kwathu ilibe: madzi amaphwa n'kubwereranso kawiri pa tsiku. Pamene mwayala chitenje m'mawa pakhoza kukhala pansi pa madzi masana, ndipo kamtunda ka mchenga kamene munawolokerapo mosavuta kakhoza kumira inu muli tsidya. Madziwo akamabwerera amakoka mwamphamvu. Ngati simudziwa kusambira, malire anu ndi m'chiuno, ndiponso pamene pali anthu ena. Musaponde miyala ya m'madzi opanda nsapato, mumabisala tinthu taminga ngati kanungu, ndipo mukaona kathumba kabuluu kowala kali ndi kachingwe pa mchenga musakatole, kamaluma ngakhale katafa. Chokoma chake n'chakuti m'madzi amchere mulibe likodzo. Mcherewo umaumitsa khungu ndi tsitsi, ndiye mukabwerera mutsuke ndi madzi abwino n'kudzola Vaseline wanu, amene m'sitima sapereka. Kuluka tsitsi musananyamuke kudzakupulumutsani ku zambiri.

Pali bodza limene timauzana lakuti ife akuda dzuwa silitiotcha. Ine ndinasupuka mapewa ndi mphuno ngati njoka yofundula, ndipo masiku atatu sindinathe kuberekera chikwama. Pa nyanja dzuwa limakumenyani kuchokera kumwamba, kenako madzi ndi mchenga woyera zimalibwezera kumaso kwanu, pamene kamphepo kakukunamizani kuti kukuzizira. Gulani mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa, mudzole musanatsike, mubwereze pakapita maola awiri aliwonse ndiponso mukatuluka m'madzi. Ngati bambo ali ndi dazi, chipewa chisachoke. Botolo lopitirira mamililita 100 liikeni mu sutikesi yaikulu pokwera ndege, apo ayi alanda pa bwalo. Imwani madzi ambiri, makamaka a BP ndi a shuga.

Udzudzu: ku Mozambique kuli malungo ngati kwathu, koma sitima imakuchotsani pa chilumba dzuwa lisanalowe, pamene udzudzu wa malungo umaluma usiku. Inu okhala ku Zomba tengani mafuta othamangitsa udzudzu, ndipo mukamva kutentha thupi patapita sabata kapena kuposa mutabwerako, kayezetseni msanga. Koma matchona amene mwatha zaka ku Cape Town kapena ku Leeds, thupi lanu linaiwala malungo, musadzinamize kuti munabadwira momwemo. Kaonaneni ndi dokotala musananyamuke, ndipo akakupatsani mankhwala oteteza ku malungo a doxycycline dziwani kuti amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Ku Mauritius ndi ku Réunion vuto si malungo koma matenda a dengue ndi chikungunya, amene udzudzu wake umaluma masana.

Pa chilumba chakudya chamasana amakonza a sitima, koma pamakhala anthu a komweko ogulitsa nsalu, ziboliboli ndi zakumwa. Ndalama yawo ndi metical, koma marandi amalandira. Tengani ang'onoang'ono chifukwa chenji chimavuta, ndipo nenererani mtengo mwaulemu monga mumachitira mu msika wa Zomba. Zigoba za kamba wa m'nyanja ndi miyala yamoyo ya pansi pa nyanja musagule, malamulo a mayiko amaletsa kuzidutsitsa pa malire. Nthawi ya boti lomaliza imalembedwa pa chikwangwani potsikira, ijambuleni pa foni. Mwayi wanu ndi wakuti nthawi ya ku Mozambique, ya ku South Africa ndi ya kwathu ndi imodzi. Opita ku Mauritius ndi amene amasokonezeka, chifukwa kumeneko ali patsogolo ndi maola awiri.

Tafika pa masuti a bambo. Auzeni mwaulemu kuti imodzi yakwana. Pa ulendo wa mausiku anayi pamakhala usiku umodzi wotchena, umene anthu amavala ngati a ku ukwati n'kujambulitsa, ndipo suti imodzi ndi taye yake ndi ya tsiku limenelo. Inu diresi lanu la chitenje losoketsa bwino, ndi duku lake, lidzaposa onse m'chipinda chodyeramo, ine ndinafunsidwa kangapo kuti telala wanga ndi wa kuti. Masiku enawo madzulo ndi malaya a kolala ndi buluku kwa bambo, diresi wamba kwa inu. Zovala zosambira ndi mapazi opanda nsapato sizilowa m'chipinda chodyera chachikulu. Nthawi zambiri pamakhalanso usiku wovala zoyera pa bwalo la pamwamba, ndiye ngati muli ndi bulauzi yoyera iponyenimo. Masana ndi zovala zopepuka za thonje, zinayi kapena zisanu basi. Musaiwale juzi imodzi aliyense: panja kukutentha, koma m'kati makina oziziritsa amachita ngati Dedza mu Juni. Nsapato mapeya atatu, zoyendera, zotchenera, ndi za m'madzi zija. Zipinda ndi zazing'ono, sutikesi imalowa kunsi kwa bedi, ndiye imodzi aliyense, ndipo musiye mpata wa zimene mukagule. Muikenso zovala zingapo za bambo mu sutikesi yanu ndi zanu mu yawo, kuti ina ikasochera pa ndege pasakhale woyenda ndi malaya amodzi sabata yonse. Mumange kansalu kowala pa chogwirira, chifukwa masutikesi akuda pa doko amakhala ngati matumba a chimanga ku ADMARC.

Usiku womaliza amakuuzani kuti muike sutikesi panja pa chitseko musanagone, ndipo mudzaipeza kumtunda mawa lake. Apa ndiye kachikwama kaja kabwereranso pa udindo. Siyani panja pa sutikesi zovala zoti muvale m'mawa, nsapato, mswachi, mankhwala, chaja ndi mapasipoti. Pa ulendo wanga wachiwiri mayi wina wa chipinda choyandikana nafe anagogoda m'mamawa atavala zogonera, atalongedza zonse mpaka nsapato. Ndinamubwereka chitenje ndi masilipasi, anatsika nazo pa doko la Durban akuseka yekha. Kutsitsa anthu masauzande kumatenga m'mawa wonse, ndiye ndege yobwerera ku Johannesburg anawo agule ya masana kapena madzulo. Ndipo mukafika ku Zomba n'kumva ngati pansi pa nyumba pakuyendayenda tsiku limodzi kapena awiri, kawirikawiri si BP ayi, ndi mutu umene sunadziwe kuti mwatsika.